Khomo Lomaliza la Linga la kwa Lomosi

Sendezani mipando kuno, wina aponyepo chikuni china. Nkhani iyi inachitika pa Chikwasa, ndipo amene anaiona ndi maso awo adakali moyo, mukafuna mukawafunse.

Pa Chikwasa pali msika wa Lachinayi, chigayo chimodzi, ndi kanyumba kometeramo tsitsi ka Lomosi Kadammanja, kopaka utoto wobiriwira, koyang'ana msewu wafumbi wochokera kuphiri. Lomosi anali munthu wamfupi, wa nthabwala zosatha, ndipo akakumeta unkatuluka mutu uli see ngati dzira. Padenga anaikapo sola. Batire lake linkayendetsa makina ometera ndi kativi kakale kamene kanali pashelefu kumbuyo kwa mpando wometera, moyang'anizana ndi galasi lalikulu.

Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala, msika ukuphwasuka, munalowa munthu wachilendo. Anali wamtali, woonda, atavala chikhoti chokhuthala ngakhale kunja kunali kotentha moti nkhuku zinkayenda zitayasamula. Mapazi ake anali mbuu ndi dothi lofiira. M'manja ananyamula jumbo yakuda.

"Odi kuno," anatero mlendoyo.

"Lowani, bambo. Timete bwanji?"

"Chotsani lonse."

Pomumanga nsalu, Lomosi anaona chipsera chozungulira khosi lonse, chonga chimene chingwe chimasiya pa mbuzi yomangidwa nthawi yaitali. Khungu la munthuyo linali lozizira ngati mtsuko wa madzi. Lomosi anameta osaponyapo nthabwala ngakhale imodzi, chinthu chimene sichinachitikepo.

Atamaliza, mlendoyo anatsegula jumbo ija. Munali makina a gemu akale, otuwa, aja olowetsa kaseti pamwamba, pamodzi ndi timabokosi tiwiri ta mabatani timene osewera amati mapadi. Kasetiyo analibe dzina kapena chithunzi.

"Mwandimeta bwino, achimwene. Ichi n'chanu," anatero mlendoyo. "Masiteji atatu oyambawo ndi ophweka. Pa siteji yachinayi pali linga. Khomo lake lomaliza landikanika ine kwa zaka zambiri. Mwina anthu a kuno ali ndi zala zopepuka."

Lomosi anawerama kuti aone bwino makinawo. Poweramuka, mpando unali wopanda munthu. Anatuluka pakhonde n'kufunsa amayi ogulitsa matimati ngati aona kumene kwalowera bambo wa chikhoti. Amayiwo anayang'anana n'kuseka, amvekere chikhoti dzuwa ili? Atabwerera kuti asese, pansi panalibe tsitsi ngakhale limodzi. Anati mwina ndi mphepo. Ndiiko mtima wake unali kale pa mawaya, kufuna kuona ngati chinthucho chiyake.

Chinayaka! Pa kativi panatuluka kamunthu ka malaya achikasu, kothamanga ndi kudumpha. Kankadumpha maenje, kuponda tizilombo pamutu, kutola zipatso zoyandama m'malere, nyimbo ikulira tii-ti-ti ngati mbalame zaledzera. Pofika Loweruka, mbiri inali itafika midzi yonse yozungulira. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, amene anaonako magemu otere ali aang'ono m'tauni, anayamba kubwera kudzametetsa tsitsi limene linali lisanakule. Ogulitsa nyama ankasiya mbuzi ili lende pa mbedza. Wa kuchigayo ankabwera ufa uli m'nsidze. Ngakhale aphunzitsi a Chafulumira, munthu wa tayi ndi magalasi, ankati akaweruka kusukulu amapinda malaya n'kulowa pamzere.

Masiteji atatu aja anagonja pa masiku awiri okha. Kenako anafika pa linga.

Eee, linga limenelo! Kumwamba kowala kuja kunatha. Kamunthu kanalowa pa chipata cha miyala yakuda, n'kukwera masitepe atatu, lachitatu losweka pakati. Pansi pankawira chiphalaphala cha moto. Kudenga kunkagwa miyala yaikulu, phi! n'kukweranso pang'onopang'ono. Panali maunyolo oyaka ozungulira ngati mkombero wa njinga, zisonga zotuluka pansi mosachenjeza, ndi mawindo ang'onoang'ono amdima m'makoma. Munthu ankapatsidwa miyoyo itatu, ikatha n'kupereka padi kwa mnzake.

"Dumphani! Dumphani, aphunzitsi!"

"Aaa, apsa! Masamu onse aja, kulephera dzenje limodzi!"

Phokoso linkamveka mpaka kuchigayo. Lomosi yekha ndiye sankasewera kwenikweni, chifukwa manja ake sankapuma. Ankaonera zonse m'galasi, kumeta uku akutsatira kamunthu kaja, ndipo sikamodzi pamene anaboola njira pamutu pa munthu chifukwa chokuwa nawo.

Katswiri wa onse anali Adiliyano, mnzake wa Lomosi wa pamtima, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Anthu ankangomuti Adi. Jekete yake yofiira inkadziwika kuchokera patali. Zala zake zinkavina pa mabatani, ndipo tsiku lililonse ankalowa m'kati mwa linga kuposa dzulo lake.

Choyamba kusowa chinali chipeso chofiira cha Lomosi. Anachifuna m'madirowa, pansi pa benchi, osachipeza. Madzulo ake, Adi akudumpha miyala yogwa ija, wa kuchigayo anakuwa.

"Taimani! Icho si chipeso icho?"

Onse anasendeza nkhope. Pa kashelefu ka mwala m'kati mwa linga panali kanthu kofiira ka mano-mano. Anaseka mpaka misozi. Ena anati kanalipo kale, sitinkangokaona. Mawa lake kunasowa chipewa cha wogulitsa nyama, ndipo chinapezeka chitakolekedwa pa chisonga pafupi ndi unyolo wachiwiri. Kenako cholembera cha aphunzitsi. M'malo moopa, anthu anasandutsa zimenezi masewera ena. Ankalowa akufunsa kuti lero linga latenga cha ndani, ndipo amene chake chatengedwa ankayenda monyada ngati wapambana mpikisano.

Koma Lomosi, amene ankakhala m'kanyumbamo tsiku lonse, anayamba kuona zina zimene sankazinena. Agalu awiri amene ankakonda kugona pakhonde anasamukira kutsidya kwa msewu, n'kumangoyang'ana chitseko makutu ali njo. Siteji ya linga ikayamba, m'nyumba munkamveka kafungo ka mwala wonyowa ndi utsi wakale, pamene kunja kunali kouma gwa. Nyimbo ya m'lingamo inali yotsika ngati ng'oma yolira kuseri kwa phiri, ndipo anthu akatonthola pang'ono, pansi pa nyimboyo pankamveka ngati wina akutsokomola. Mawindo amdima aja nawonso sanali amdima kwenikweni. Munali timadontho tiwiritiwiri tothwanima, ndipo kamunthu kakamadutsa, timadonthoto tinkakatsatira.

"Adi, iwe ukuwaona maso aja?" anafunsa Lomosi tsiku lina m'mawa anthu asanabwere.

"Ndikuwaona. Ndi ochemerera anga amenewo," anaseka Adi. Kenako anatsitsa mawu. "Koma Lomosi, dzulo ndikudutsa pa windo lachitatu ndinamva dzina langa. Osati Adi ayi. Adiliyano, lonse, monga ankandiitanira malemu mayi."

"Ndiye usiye, aise."

"Ndisiye ndatsala pang'ono? Khomo lili pafupi! Mawa ndikulitsegula."

Mkazi wa Adi, Velesi, anali woyembekezera, miyezi itapita ndithu. Ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi chigayo. Masana a tsikulo anafika pakhomo la Lomosi, dzanja lili m'chiuno.

"Alamu, mwandilanda mwamuna," anatero. "Njinga yangoima apa masiku anayi ngati chipilala. Anthu akuyenda pansi kupita kuchipatala, iye ali pano kudumphitsa kachidole."

"Mawa lokha, mayi," Adi anayankha osachotsa maso pa kativi. "Mawa ndikatsegula khomo, basi ndasiya."

Mawa lakelo linali Loweruka, ndipo anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Adi anavula nsapato, anapukuta manja pa thalauza, n'kuyamba. Masitepe atatu, anadutsa. Miyala yogwa, anadutsa. Maunyolo oyaka, anazemba onse ngati nsomba m'madzi. Anthu ankadumpha naye limodzi, benchi ikulira. Kenako anafika pamene palibe anafikapo, m'chipinda chachitali, ndipo kumapeto kwake kunali khomo lalifupi lachitsulo. Patsogolo pa khomolo panaima mlonda. Nkhope yake sinkaoneka bwino, inali ngati utsi wakuda. Chooneka chinali chikoti m'dzanja ndi kiyi wolendewera m'chiuno.

"Mudumphe pamutu! Mudumphe!" anthu anakuwa.

Adi anadumpha. Chikoti chinalira, thyapu! Ndipo amene anafuula si kamunthu ka pa kativi ayi.

"Mayo ine!"

Padi inagwa pansi. Adi anagwira kumsana, nkhope itakwinyika. Lomosi anamukweza jekete ndi malaya, ndipo onse anaona mzere wotupa kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, watsopano, ukuyamba kuchucha. Wogulitsa nyama anayesa kuseka, amvekere mwina ndi msomali wa pabenchi, koma palibe anamuthandiza kusekako.

Adi anatsitsa malaya, anavala nsapato, n'kutuluka osatsanzika. Analiza njinga yake n'kulowera msewu wa kuphiri dzuwa likadali pamutu. Amayi a matimati anatsutsana pambuyo pake. Ena anati anali yekha. Ena anati ayi, kumbuyo kunali munthu wamtali. Koma onse anagwirizana kuti njingayo inkayenda mophwathalala, ngati yasenza matumba a chimanga.

Sanabwerere Loweruka. Sanabwerere Lamulungu.

Lolemba m'mawa amuna khumi ndi awiri ananyamuka kukamufuna, Lomosi ali patsogolo. Njinga anaipeza m'tsinde mwa phiri, yoimikidwa bwinobwino, kiyi ali pomwepo. Lomosi atagwira injini anachotsa dzanja msanga. Inali yofunda. Anakwera phirilo akuitana, mawu awo akubwerera okha. Pamwamba penipeni, pamalo pamene anthu a kumeneko satola nkhuni ngakhale zitagwa zokha, panali makoma akale a miyala, ogumuka, atamera zitsamba. Dothi lake linali lofiira. Lomosi anali asanafikeko chibadwire, koma mapazi ake ankadziwa njira. Chipata cha miyala yakuda. Masitepe atatu, lachitatu losweka pakati. Timawindo ting'onoting'ono m'khoma. Ndipo kumapeto, khomo lalifupi lotsekeka ndi chimwala chimene amuna onsewo anachikankha mpaka thukuta osachisuntha.

Aphunzitsi a Chafulumira anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Akuluakulu amati kuno n'kumene ankatsekerako anthu ogwidwa m'midzi ya kumadzulo, podikira ulendo wokawagulitsa," anatero motsitsa. "Amatinso gulu lomaliza silinanyamuke. Owatsekerawo anathawa, kiyi anapita naye."

Lomosi anagunditsa khutu pa chimwalacho n'kuitana dzina la mnzake. Zimene anamva sananene, koma anthu anaona kuti potsika phiri ndiye anali patsogolo, akuthamanga.

Anafika ku kanyumba kake ndi mtima umodzi, wothira parafini pa makina aja n'kuwayatsa moto. Koma anapeza chitseko chili chotsegula, kativi kakuyaka, ndipo Velesi atakhala pa benchi, maso ali psuu ndi kulira. Anali atapempha wa kuchigayo kuti amuyatsire, ndipo wa kuchigayoyo anayendetsa kamunthu mpaka pa windo lachitatu n'kukaimika pamenepo.

"Alamu, musakhudze makinawo," anatero Velesi. "Taonani apo."

Pa windo lachitatu, pakati pa timaso tija, panali kadontho kofiira. Lomosi anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda kativi. Kanali kamunthu ka jekete yofiira, kakukweza dzanja ndi kulitsitsa, kukweza ndi kutsitsa.

"Ndi iyeyo," anatero Velesi. "Mukawotcha, mwamuwotchera momwemo. Tsegulani khomo lija."

"Mlamu, amene amatha ndi Adi. Ine ndimangometa."

"Ndiye aitaneni onse. Wina atsegule."

Uthenga unayenda ngati moto wa lupsa. Pofika masana, Chikwasa yense anali pamenepo, amayi ndi abambo, mpaka msewu unatsekeka. Koma tsikulo kumwamba kunachita mitambo yolemera ya chizimalupsa, sola sinamwe dzuwa, ndipo kanyali ka pa batire kanali katasiya kubiriwira. Wogulitsa nyama anayesa, anapsa pa dzenje loyamba. Aphunzitsi anayesa, mwala unawaphwanya katatu. Wa kuchigayo anafika pa maunyolo n'kuthera pomwepo. Ena amene dzana ankalimbirana padi tsopano ankabisa manja m'matumba, akukumbukira msana wa Adi. Dzuwa linayamba kulowa kuseri kwa mitambo, kanyali ka batire kanafiira.

"Batire ili latsala ndi ulendo umodzi wokha," anatero aphunzitsi.

Velesi anatola padi n'kuiika m'manja mwa Lomosi.

Lomosi anakhala pa mpando wometera, anautembenuzira ku kativi, n'kuyamba. Masiteji atatu anawadutsa movutikira, anthu akumuuza pokhota. Atalowa m'linga, zonse zinamuonekera zachilendo, ngati akuyenda m'mudzi wa eni. Anadumpha mochedwa pa sitepe losweka lija, kamunthu kanagwera m'chiphalaphala. Anthu anabuula. Moyo umodzi unapita.

Anatseka maso, thukuta likutsika m'khosi. Kenako anazindikira chovuta. Anaponda pansi n'kutembenuza mpando, kufulatira kativi, kuyang'ana m'galasi.

"Lomosi wapenga! Kativi kali kuno!"

"Musiyeni!" anakuwa aphunzitsi. "Linga ili iyeyu amalidziwira m'galasi!"

Zoonadi, m'galasimo linali linga lake, limene analionera masabata atatu akumeta anthu. Ankadziwa pamene mwala umapumira usanagwe. Ankadziwa unyolo umene umanamiza. Chala chimodzi chinakanikiza batani loyendera osalisiya, china chinkadumpha motsatira ng'oma ija. Masitepe, anadutsa! Miyala, anadutsa! Anthu anayamba kuwerenga limodzi, kuwomba m'manja, amayi akuliza nthungululu pakhonde ngakhale ambiri sankaona n'komwe chimene chikuchitika. Podutsa pa windo lachitatu, kadontho kofiira kaja kanadumphadumpha, ndipo Velesi anakuwa dzina la mwamuna wake.

Ndi pamene Lomosi anaona chinthu china m'galasimo. Kumbuyo kwa anthu onse, pakhomo, panaima munthu wamtali wa chikhoti, mutu wometedwa bwino. Sankayang'ana Lomosi. Ankayang'ana kativi, milomo ikuyenda, akuwerenga nawo. Lomosi sanatembenuke. Ankadziwa kuti akatembenuka sapeza munthu, ndipo ataya moyo wachiwiri.

Anafika m'chipinda chachitali. Mlonda anatembenuza nkhope yake ya utsi.

"Mudumphe!" anakuwa wogulitsa nyama.

Lomosi anadumpha. Thyapu! Moto unamuyenda kuchokera pa khutu mpaka pa chigongono, ndipo malaya anang'ambika anthu akuona. Anakukuta mano, misozi inalengeza, koma padi sanaitaye. Kativi kanaphethira, chithunzi chinachepa n'kubwereranso. Moyo unatsala umodzi.

"Alamu, tamverani," Velesi anagwada pafupi ndi mpando, akulankhula mofulumira. "Ine masewerawa sindiwadziwa, koma ndamuyang'anitsitsa ameneyu. Amadikira munthu wodumpha. Maso ake ali kumwamba. Akamenya, dzanja limakhala m'mwamba kanthawi. Musadumphe. Werameni, mudutse kunsi."

"Kamunthuka kamawerama?" anafunsa Lomosi.

"Batani la pansi!" anayankha aphunzitsi. "Palibe analigwiritsapo ntchito, koma lilipo!"

Anayambanso kuchokera pa maunyolo. Kativi kankazima ndi kuyaka ngati nyali yotha mafuta, ndipo nthawi zina Lomosi ankadumpha mumdima, kungodalira ng'oma. Panalibenso wokuwa. M'chipinda chachitali muja Lomosi anayenda pang'onopang'ono, anaima pafupi, n'kunamizira kudumpha. Chikoti chinalira m'malere mopanda kanthu. Pomwepo Lomosi anathamanga, anakanikiza batani la pansi, kamunthu kanatsetsereka kunsi kwa mkono wa mlonda, ndipo kanatulukira mbali inayo kiyi ali m'manja.

Phokoso limene linabuka pa Chikwasa tsiku limenelo, akuti linamveka mpaka midzi ya kutsidya kwa dambo. Zipewa zinauluka. Aphunzitsi anakumbatira wogulitsa nyama. Benchi inathyoka pakati.

Khomo lachitsulo linatseguka. Anthu ankayembekezera kamunthu kamodzi ka jekete yofiira. Koma choyamba kutuluka chinali kamunthu kena kotuwa, kowerama. Kenako kena. Kenako ena awiri ogwirana manja, wina atabereka kanthu kumbuyo. Ankatuluka pamzere, ochuluka osawerengeka, aliyense ali ndi kamzere kakuda pakhosi, ndipo akamadutsa pakhomo kamzereko kankagwa pansi. Mlonda uja anangosungunuka ngati utsi wa ndudu. Nyimbo inasiya. Mzere usanathe, kativi kanati phethi, n'kuzimiratu.

"Nanga Adi?" anafunsa Velesi. "Adi sanatuluke!"

Koma kunja anthu anali atayamba kupatuka mumsewu, kuthawira m'makonde, popanda wowauza. Kuchokera kuphiri kunkabwera fumbi lofiira, lotsika, loyenda mwa liwiro la munthu wotopa, pamene mphepo kunalibe. Ndipo kunkamveka mapazi. Mapazi opanda nsapato, ambirimbiri, tsa, tsa, tsa, pa dothi louma. Agalu aja anagona pansi, mitu pa miyendo. Fumbilo linafika pa kanyumba ka Lomosi n'kumadutsa, ndipo amene anali pafupi anamva kamphepo kozizira m'miyendo ndi kupuma kwa anthu amene sankaoneka.

Pakati pa fumbilo panali munthu mmodzi yekha wooneka. Ankayenda mokoka miyendo, jekete yofiira ili m'manja, milomo itang'ambika.

Velesi, ndi pakati pake pomwe, anathamanga kuposa amuna onse. Anamugwira, anamumenya pachifuwa, anamukumbatira, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Lomosi anafika ndi kapu ya madzi, dzanja likuchuchabe magazi. Adi anamwa osapuma, n'kumuyang'ana mnzakeyo.

"Ndimakuona, aise," anatero ndi mawu osasa. "Tonse timakuona pawindo. Pa sitepe losweka paja unatikhumudwitsa."

Lomosi anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Koma Adi sanaseke. Anatembenukira kumsewu, kumene mapazi aja anali atachepetsa liwiro, ngati akuzengereza.

"Apatseninso anzangawa," anatero. "Ine ndakhalamo masiku awiri okha, ndipo taonani mmene ludzu landichitira. Kwawo n'kutali."

Velesi sanafunse kuti anzake ati. Analowa m'kanyumba ka Lomosi, anatenga ndowa ya madzi, anaiika m'mphepete mwa msewu ndi chikho pamwamba, n'kubwerera chafutambuyo. Amayi a matimati anaona, anathamangira kwawo. Posakhalitsa Chikwasa yense anali piringupiringu, wina ndi beseni, wina ndi mtsuko, wina ndi chigubu, wina ndi mphika umene anaukhuthula ndiwo mofulumira. Mjigo unalira osapuma. Anandanda zotengerazo mbali zonse ziwiri za msewu, kuyambira kwa Lomosi mpaka kupitirira chigayo, kenako anabwerera m'makonde n'kuima chete, chisisira chikugwa. Ndipo onse anamva. Zikho zikugunda m'ndowa. Madzi akumezedwa. Penapake kamwana kanatsamwa, wina n'kukasisita kumsana.

Mitambo ija inapita osagwetsa dontho. M'mawa kutacha, zotengera zonse zinali zouma mpaka pansi, ndipo msewu unali wodzaza zidindo za mapazi, zazikulu ndi zing'onozing'ono, zonse zolozera kumadzulo, popanda chimodzi chobwerera. Velesi atapita kukatenga ndowa yake, anaipeza yasunthidwa pang'ono kuchoka m'njira kuti isapondedwe. Chikho chinali chotsukidwa, chovundikiridwa bwinobwino pamwamba pake, monga amachitira mlendo woleredwa bwino.